Olive wanga ndi mayina a ku Manje

Olive ndi mwana wa malemu Kristina, mwana wanga wachiwiri. Ndinamutenga ali ndi mano awiri okha m'kamwa, ndipo ndamulera ndekha muno mu Zingwangwa. Ife kwathu ndi ku Nsanje, koma iye Chisena amangomva, poyankha amayankha Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi. Ali wamng'ono ankaopa galu, ankaopa mdima, ankaopa ngakhale bambo mfumu akavala zoyera. Koma pakamwa, ayi ndithu. Mwana ameneyu akanatha kukugulitsani tsache lanu lomwe, inu n'kuthokoza.

Atamaliza Fomu 4 anakhala zaka akusaka ntchito. Mapepala anatula paliponse mpaka envulopu inada. Kenako kampani ina ya ku Limbe, yogulitsa sopo, mafuta ophikira, machesi ndi zina zotero, inamulemba ntchito yotenga maoda. Iye sanyamula katundu. Amayenda okala ndi okala, golosale ndi golosale, kufunsa chimene chatha, ndiye galimoto imabwera pambuyo kudzatula. Dera lake linali Zingwangwa, Soche, Chilobwe ndi Manje, ndipo ambiri mwa malo amenewa ndi a wapansi. Amadziwa kuti wa okala uyu mwana wake wayamba sukulu, uyu mwamuna wake akudwala shuga, uyu usamupeze m'mawa asanagulitse kanthu chifukwa amakwiya. Ntchito imeneyi ndi imene imatisunga m'nyumba muno, ine, iye ndi ana ake awiri. Bambo wa anawo musandifunse.

Kampaniyo inapatsa ogulitsa ake foni yokhala ndi chimene iwo amati apu. M'menemo ndi mmene mumakhala mayina a makasitomala onse, manambala awo, zimene anagula komaliza, ndi kadontho pa mapu kosonyeza pamene okala ili. Poyamba inali yofatsa. Ukalembamo imasunga, ukapanda kulemba imangokhala.

Kumtunda kwa Manje anali ndi kasitomala wina, make Limbikani, mayi wonenepa woseka mokweza. Olive akafika atatopa ndi chitunda, mayiyo ankamukhazika pa kreti, kumupatsa thobwa, n'kumati, "Wabwera mwana wanga wa sopo." Kangapo konse ananditumizirako mbatata.

Ndiye kunabwera namondwe Freddy. Inu nonse mukudziwa mmene phiri la Soche linatsikira pa anthu. Ife mbali yathu tinapulumuka. Make Limbikani anapita pamodzi ndi okala yake ndi nyumba yomwe. Olive anakwera kumeneko mvula isanatheretu, anakumba nawo matope ndi manja. Zimene anaona sanandiuze zonse, ndipo ine sindinamukakamize. Koma kuchokera pamenepo, mvula ikayamba kugunda malata, mwana wanga amasiya mbale, amakhala pakona atagwira mawondo, milomo ikugwedera. Mayi wa ana awiri. Ndimachita kumufunditsa chitenje ngati khanda. Kumtunda kwa Manje sanapondekonso, ndipo kuntchito anamumvetsa. Mayina a amene anapita aja anangotsala mufoni. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake sawachotsa. Anati, "Agogo, make Limbikani ndiwafufute ndi chala chiti?"

Chaka chathachi, mvula yoyamba itangogwa, anawaitana onse ku Limbe kukaphunzira apu yatsopano. Anabwerako akusekerera, atandisungira sikono m'chikwama.

"Agogo, taonani! Pano ndikungoyankhula, yokha ikulemba. Ikundiuza poyambira ndi pothera. Ikudziwa ngakhale kuti sopo wa pa okala ya a Hamudi atha Lachinayi."

"Yauzidwa ndi ndani?"

"Imawerengera yokha."

"Ndiye ikuuzenso kuti mchere watha muno."

Tinaseka. Ndinali wonyada, ndisaname. Ndinauza amayi onse a ku mphakati kuti mdzukulu wanga akugwira ntchito ndi foni yomva Chichewa.

Chimene sanandiuze tsiku limenelo ndi chakuti apuyo inabweranso ndi nzeru ina, yodzutsa makasitomala ogona. Aliyense amene watha nthawi yaitali osagula, dzina lake limakwera pamwamba litafiira, ndipo wogulitsa ayenera kumuyendera. Ngati okala inatsekedwa, dzinalo silichoka pongonena. Uyenera kukaima pamalo penipeni pamene pali kadontho kaja, foni ivomere kuti wafikadi, ujambule chithunzi, ndiye lichoke. Akuti anachita zimenezi chifukwa anyamata ena ankalemba kuti ayendera dera lonse ali phee pa bawo. Mwezi ukatha dzina lofiira likadalipo, apu imakaneneza yokha ku likulu. Mnzake wina, Ramsey wa ku Bangwe, anali atalandidwa kale foni chifukwa cha zomwezo.

M'mawa wina ndinamupeza atakhala pakhonde, tiyi atazizira. Anangonditambasulira foni. Mayina ofiira ndandanda, onse a kumtunda kwa Manje, ndipo pamwamba penipeni make Limbikani. Pansi pake panalembedwa kuti kasitomala ameneyu wakusowani, muyendereni.

Anaimbira bwana wake, a Hawkins, ine ndili pomwepo.

"Bwana, anthu awa anamwalira. Inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa, Olive, pepa kwambiri. Koma ine batani lochotsera ndilibe. Ndalembera ku likulu, sakundiyankha. Ungosankha tsiku la dzuwa, ukwere, ujambule, zithe."

Ndinamulanda foni ija. "A Hawkins, ndine agogo ake. Muli ndi ana inu?"

"Ndili nawo, agogo."

"Mungawatume ku phiri lija nyengo ino?"

"Agogo, wotuma sindine. Ndi sisitemu."

"Ndiye mundipatse iyeyo ndiyankhule naye."

Anaseka pang'ono. Kenako anati, "Ngakhale ine ikundiwerengera, agogo. Mayina a Olive akafiira, langanso limafiira." Ndinamva kuti munthuyu sakunama, ndipo mantha anga anakulira pomwepo, chifukwa panalibe woti ndikamugwire malaya.

Tsiku la dzuwa silinabwere. Mwezi umenewo mvula inagwa ngati yatumidwa. Kukacha bwino m'mawa, Olive ankavala nsapato, kufika pamsewu, kuyang'ana phiri, n'kukhotera ku Chilobwe. Madzulo foni inkalira kumukumbutsa. Anayamba kuonda. Mwana wake wamng'ono anandifunsa kuti, "Agogo, amama akudwala chiyani?" Ine ndinamuuza kangapo kuti asiye ntchitoyo, tidzagulitsa makala. Iye anangondiyang'ana, chifukwa tonse tinkadziwa kuti makala sangaphunzitse ana awiri.

Linafika tsiku lomaliza la mwezi. Kunacha koyera, koma kotentha moipa, kutentha koitana mvula. Anati, "Agogo, ndikupita."

"Tikupita."

"Ndi mawondo amenewo?"

"Mawondo amenewa anakuberekera ku sikelo iwe uli ndi chimfine mpaka m'makutu. Tenga ambulera."

Ndinaika kolona m'thumba, tinanyamuka. Minibasi inatisiya m'munsi, kwinako wapansi. Tikukwera, Olive ankangoyang'ana foni, kadontho kathu kakuyenda pang'onopang'ono kulondola timadontho tofiira.

Mayina oyamba sanavute. Pena tinapeza maziko okha, udzu utamera pakati. Pena munthu anadzalapo chimanga. Olive ankaima, foni n'kuvomera, iye n'kujambula, dzina n'kuchoka. Asanajambule ankatchula dzina la mwini malo chapansipansi, ngati akuodira. Mayi wina wochapa anatiitana. "Inu ojambulanu, ndinu a bungwe? Tilembeniko ifenso!"

"Ayi mayi, ndife a sopo," anatero Olive.

"A sopo mukujambula mabwinja? Mwasowa ochapa?"

Tinangopitirira.

Pamene tinkafika kumtunda, dzuwa linali litabisala. Pamwamba pa Soche panakhala mtambo wakuda bii, ndipo mphepo inayamba kuzizira. Linatsala dzina limodzi. Olive anatsogola, kenako anangoima. Kutsogolo kwathu kunali chigwembe chachikulu, chakuya kuposa nyumba, chodzaza miyala ina yaikulu ngati minibasi. Kale panalibe chigwembe pamenepo. Panali njira, mipanda, ndi okala ya make Limbikani. Kadontho kofiira kanali pakati penipeni.

Anayesa kujambula ali m'mphepete. Foni inakana, akuti muli kutali ndi kasitomala. Anasendera mpaka zala za kumapazi zinasuzumira kunsi. Inakanabe.

Chapafupi panali bambo wina woswa miyala, anati dzina lawo ndi a Nikolasi. Anali akulongedza nyundo zawo m'thumba. "Amayi, musatsikemo umo. Kumtundaku mvula yayamba kale, taonani. Madzi a muno sayamba ndi pang'ono, amangofika."

"Wamva?" ndinatero. "Tiye kunyumba. Ntchito ipite. Ndakwirira mayi ako, sindikwirira iwe."

Anandiyang'ana. Nkhope yake inali yotuwa, milomo ikugwedera monga imachitira ija. Dontho loyamba linagwa pa galasi la foni, iye analipukuta ndi chala. Kenako anandipatsa chikwama chake.

"Agogo, gwirani."

"Olive! Iwe Olive! Ndikukuletsa ine!"

Anatsika chokhala, akugwira mizu ndi dzanja limodzi, foni ili m'dzanja linalo. Dothi linkagumuka pansi pake. Ine ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Ndinamutukwana, ndinamuchonderera, ndinatchula dzina la mayi ake. A Nikolasi anataya thumba lawo n'kugona chafufumimba m'mphepete, akuyang'ana kumtunda.

Anafika pansi, anadumpha miyala, anaima pakati. Anaoneka wamng'ono ngati mwana wa sukulu. Anakweza foni m'mwamba. Sanajambule.

"Jambula, iwe!"

"Ikuzungulira! Netiweki, agogo!"

Mvula inatsika yeniyeni. Ambulera ndinaiwala kuti ndili nayo. Ndinkaona timadzi tofiira titayamba kuyenda pakati pa miyala, kuzungulira mapazi ake. Ndipo ndinamva phokoso. Amene munalimvapo mukulidziwa, lili ngati malole ambiri akubwera kutali, koma limamvekera m'mimba. Kolona inali m'dzanja langa koma pemphero lililonse linandithawa, ndinkangoti Mayi Maria, Mayi Maria.

"Mtsikana, tuluka!" anakuwa a Nikolasi. "Madzi akubwera! Taya chimenecho!"

Iye anaimabe, dzanja lili m'mwamba, mutu atawerama, mapewa akunjenjemera. Mwana woopa mvula ya pa malata, ataima m'njira ya madzi. Kenako ndinaona akutsitsa foni, akuloza pansi pamene panali okala, akudina. Anaiponya m'bulauzi n'kuyamba kuthamanga.

Pokwera anaterereka kawiri. Kachiwiri anatsetsereka mpaka pansi, ndipo ine ndinakhala pansi m'matope. Anayambanso. A Nikolasi anatambasula mpini wa nyundo, iye anaugwira, anamukoka ngati thumba la chimanga. Nsapato imodzi inatsalira komweko. Tisanapume n'komwe, madzi anadutsa. Ofiira, onyamula zitsa ndi mapepala, miyala ikugundana mkati mwake. Mwala umene anaimapo sunaonekenso.

Ndinamumenya. Inde, ndinamumenya kumsana ndi manja onse awiri, ndikulira, kenako ndinamukumbatira osafuna kumusiya. A Nikolasi anatola thumba lawo akupukusa mutu. "Sopo wake ndi wotani ameneyu?" anatero, n'kumapita.

Tinabisala pakhonde la nyumba ina. Olive anatulutsa foni, anaipukuta ndi chitenje changa. Zofiira zonse zinali zitachoka. Panali mawu obiriwira omuyamikira kuti wamaliza ntchito ya mwezi. Anafufuza dzina la make Limbikani, anafufuzanso, silinapezeke. Pamenepo ndi pamene analira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, kumene sanalire chaka chija. Mwini nyumba anatsegula chitseko, anatiyang'ana, n'kutibweretsera mpando.

Tinatsika mvula itachepa, iye phazi limodzi lopanda nsapato, atandigwira mkono pa malo oterera.

Ntchito akadali nayo. Lolemba lake anapita ku Limbe, ndipo a Hawkins akuti atamva nkhaniyi analemberanso ku likulu. Kaya anayankhidwa, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti apu ija amaisinthabe, ndipo ikasinthidwa foni imalira kawiri. Ikalira choncho ine ndimasiya chilichonse n'kukaima kumbuyo kwake.

"Yati chiyani?"

"Palibe, agogo. Angowonjezera zojambulira mashelefu."

"Ikadzakutumanso kumene kuja, ndikaiponya m'chimbudzi."

"Ndi ya kampani, agogo."

"Adzabwere ndi ndowa adzavuule."