Buku la bambo analidula patatu

Anzanga amene ndinalemba nawo mayeso a Folomu 4 akamakamba za chaka chathachi amatchula zinthu zooneka. Wina anapita ku Lilongwe kukagulitsa machaja, wina anakwatiwa, wina anangonenepa. Ine akandifunsa ndimati ndinkawerenga. Amaseka, n'kufunsa kuti mabuku angati. Ndimayankha kuti chikwi, poti pakamwa panga sipatuluka nambala yaing'ono. Koma zoona zake n'zakuti chaka chonse ndakhala ndikuthamangitsa buku limodzi, ndipo mpaka lero sindinalimalize.

Bambo anga anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ina paboma, ndipo matenda awo anali mabuku a pakaunjika, aja amayalidwa pansi pafupi ndi nsapato. Ankagula chilichonse chokhala ndi zilembo. Kunyumba kunali sutikesi yodzaza, yolemera moti amuna asanu akanathyoka misana poinyamula. M'sutikesimo munali buku lina lonenepa ngati njerwa ziwiri, la Chingerezi, lopanda chikuto. Dzina lake ndi la wolemba zinathothoka lisanafike kwathu. Linkakamba za mayi wina woweta njuchi kudziko lozizira, amene mwana wake anapita kukagwira ntchito kumgodi n'kusiya kutumiza uthenga. Mayiyo anatseka nyumba n'kuyamba ulendo wapansi kukamufuna.

Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pabenchi pakhonde paja n'kumawawerengera mokweza, iwo akupalasa makina. Ankati ndi mankhwala a Chingerezi changa, chomwe chinkadwala mwakayakaya. Eni akewo anali atalimaliza kale, kawiri. Ndinayesa njira zonse kuti andiuze ngati mayi uja anamupeza mwana wake. Ndinanyengerera, ndinakwiya, ndinaopseza kuti ndisiya kudya mpaka ndiume ngati usipa. Ankangoluma ulusi n'kunena kuti ndikafike ndekha. Madzulo ankalitsekera m'sutikesi, kiyi m'thumba, podziwa kuti mwana wawo ndi mbava ya mapeto a nkhani.

Tinaimitsa chifukwa cha mayeso. Anati tidzapitiriza ndikalemba pepala lomaliza. Pepala lomalizalo ndinalemba iwo ali m'chipatala, ndipo sabata yotsatira tinawaika m'manda.

Titameta, abale awo a bambo anakhala pansi kugawa katundu, monga zimakhalira, kuti aliyense atengeko kanthu kokumbukira malemu. Wogawa anali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, munthu wachilungamo mochita kuopsa. Akamagawa nsomba amawerenga ndi mamba omwe. Makina osokera anati asunga iwo, ndiye mabuku akhale a magulu atatu otsala: ife, azakhali a ku Nkhunga, ndi bambo aang'ono a ku Chia. Anaunjika milu itatu n'kumaiyeza ndi chikhato. Buku lonenepa lija linasokoneza masamu onse. Akaliika apa, mulu uwu watalika. Akaliika apo, winawo wadandaula. Anaganiza kwa kanthawi, kenako anaitanitsa lumo.

Ine ndinali pamphasa kumbuyo kwa amayi, mpala ukuwala. Pamalo ngati amenewo mwana salankhula, ndipo namfedwa amangoyang'ana pansi. Ndinawatsina amayi pamsana. Anandibwezera pantchafu, chitsino choti chipsera chake ndidzapita nacho kumanda. Bambo aakulu analidula bukulo chakumsana kwake, mosamala ngati akutumbula chambo, zigawo zitatu zofanana ndendende. Anthu anayamikira kuti agawa bwino. Ife anatipatsa chigawo choyamba, chomwe ndinali nditatsala pang'ono kuchimaliza.

Ndinachimaliza sabata yomweyo. Chinathera pakati pa mtsinje, mayi uja madzi ali m'chiuno, ndipo anakhala m'madzimo miyezi yambiri chifukwa amayi anga anandiletsa kuponda kwa abale a bambo. Nkhani ya makina inawapweteka. Makinawo ndiwo akanatidyetsa. Ndikatchula za buku ankandiyang'ana ngati ndapempha ndege.

Ndiye ndinawerenga mulu wathu wotsalawo. Ndinawerenga buku la kawetedwe ka mbuzi, ife tilibe ngakhale chingwe cha mbuzi. Ndinawerenga la matenda a mano, lokhala ndi zithunzi zoti ukaziona sudya masiku atatu. Ndinawerenga malamulo a pamsewu a dziko lina kumene magalimoto amayenda mbali yolakwika. Masana ndinkathandiza amayi kugulitsa zitumbuwa, buku pamwendo, ntchentche zikuwerenga nane. Zotsatira za mayeso zitatuluka, mapointi anga anali ochuluka moti akanakwanira kalasi yonse. Chingerezi chokha ndicho chinachira. Ndinabwera kunyumba n'kudutsa pakhonde la sitolo lija, ndipo panali munthu wina akukonza mafoni.

M'chilimwe azakhali anatumiza uthenga kuti msana wawavuta, akufuna wowathandiza chinangwa. Amayi sakanakana wodwala. Ndinakwera matola ngati ndikupita kukalandira mphoto. Azakhali chigawo chawo anachikulunga m'jumbo n'kuchiika pansi pa yunifomu yawo ya kutchalitchi. Sanachitsegulepo. Anati ndi fungo la mlongo wawo, sichituluka m'nyumba muno, ndikafuna ndiwerengere pomwepo, ndipo ndiyambe ndamaliza ntchito. Ndinasenda chinangwa chokwana kudyetsa boma lonse la Nkhotakota. Ndinavuula chonyika mpaka manja anga ananunkha kondowole moti agalu a ku Nkhunga ankanditsatira ngati mfumukazi yawo.

Koma mayi uja anawoloka mtsinje. Nsapato zinamuthera, anagulitsa chikhoti chake, anakumana ndi anthu oti anamuonapo mwanayo ndi ena onama. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndikuwerenga mokweza, komanso kuti ndikumaima pakati pa chiganizo, kudikira kuti makina asiye kulira. Kunalibe makina. Kunali azakhali okha pakhomo, osamva ngakhale liwu limodzi la Chingerezi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Tsiku lobwerera anandipatsa jumbo ija kuti ndipite nayo.

Ku Chia ndinapita mvula itayamba. Amayi sanandilole, sanandiletsenso, anangoti ndisakagone. Udzudzu wa kumeneko ndi waukulu ngati nkhuku, umachita kukufunsa dzina usanakulume. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, ndi msodzi wosalankhulalankhula. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, ndudu ya chingambwe ili kukhutu. Anandilonjera bwino, anafunsa za amayi, anandiwotchera chimanga. Nditanena chomwe ndabwerera, anadzuka pang'onopang'ono. Kenako analowa m'nyumba n'kusolola kanthu padenga.

Chinali chowonda ngati chadwala chaka chonse. Ndinachitembenuza. Kumbuyo kwake kunali timizere ta mapepala ong'ambidwa.

Anafotokoza akuyang'ana ukonde. Anati pepala lake ndi lofewa, limapichirika bwino, silinunkha ngati la nyuzipepala. Anati akakhala m'bwato n'kuyatsa, amakhala ngati ali ndi achimwene awo. Ndipo anati sanachite mwachipongwe ayi, anaganiza kaye. Anaona kuti buku anthu amayambira kutsogolo, ndiye zofunika zili kutsogoloko. Iwo anayambira kumbuyo kuti asawononge.

Ndinkafuna kukuwa kuti ku Nkhunga amve. Ndinangokhala pamuzu wa mango n'kuyamba kuwerenga zotsalazo, ndipo iwo anapempha kuti ndiziwamasulira. Ndinayamba ndawauza za njuchi, za mtsinje, za chikhoti. Anasiya ukonde. Mayi uja anafika kumgodi. Anthu anamulozera nyumba ina yakumapeto, ya chitseko chobiriwira. Anaima pakhomo, anakonza mpango wake, anakweza dzanja kuti agogode. Tsamba linathera pamenepo, ndipo kuseri kwake kunali chala changa.

"Ndiye anatsegula ndani, mwana wanga?" anafunsa bambo aang'ono.

"Munasuta, bambo."

Sanaseke, inenso sindinaseke. Anachotsa ndudu ija kukhutu, anaimasula pang'onopang'ono, fodya n'kumuthira m'dzanja, kapepalako n'kukawongola pabondo. Anandipatsa ndi manja awiri ngati akupereka kwa munthu wamkulu. Kanali kachidutswa kong'ambidwa chamlitali, mizere yonse yoduka pakati. Ndinatolapo "zenera", "m'mawa", ndi theka la dzina la mwana uja. Sikankanena ngati dzinalo akulitchula kwa munthu wamoyo kapena akuliwerenga pamtanda.

Anafunsa ngati mapeto ake angapezeke pafoni, poti ana a masiku ano timapeza zonse pamenepo. Ndinawauza kuti buku lopanda dzina ulifufuza bwanji. Anagwedeza mutu. Anandiperekeza mpaka kumsewu, mtunda wonsewo osasuta, ndipo kabaza atafika anati ndikawauze amayi kuti nkhani ya makina ija iwo sanagwirizane nayo, kungoti tsiku lija nawonso anangoyang'ana pansi.

Kunyumba ndinayala zigawo zitatu zija pamphasa. Amayi anaziyang'ana, analowa m'nyumba, anatuluka ndi singano yaikulu ndi ulusi wakuda umene unatsala m'thumba la malaya a bambo. Ine ndinkagwira, iwo ankasoka. Sanasoke bwino, si telala, bukulo linapindika ngati lili ndi linunda. Kachidutswa ka ndudu kaja tinakalowetsa kumapeto.

Akumanga mfundo anafunsa, osandiyang'ana, ngati mayi uja anamupeza mwana wake. Sindinkadziwa kuti ankamvetsera bambo akamakamba za bukuli. Ine ndi munthu woti ndikaona mbewa ndimafika kunyumba nditaona njovu. Ndikanatha kuwapangira mapeto okoma pomwepo, mwana atatsegula chitseko, atanenepa, ali ndi galimoto. Ndinatsegula pakamwa, koma bodza silinabwere. Ndinati sindikudziwa.

"Inenso anakana kundiuza," anatero amayi. "Ankati ndidikire iweyo udzandiuze."

Analuma ulusi, n'kundipatsa buku.