Mizere Yothamanga pa Monita ya Bambo

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, khalani pansi kaye mumve izi.

Mayi wina atalephera kachiwiri mayeso a zamagetsi, anayamba kugulitsa masokosi m'mphepete mwa msewu. Chaka chomwecho bambo ake, kalaliki wopuma pantchito, anagwidwa ndi matenda opha ziwalo, lilime n'kuuma. Munthu wolongolola mpaka wailesi kuchita manyazi anangotsala ndi maso.

Mayiyo ankawasowa bambo ake ali nawo m'nyumba momwemo. Ankalakalaka ngakhale atamukalipiranso.

Pakona pa chipinda chawo panali kompyuta yakalekale, yachikasu ngati dzino, imene bambowo ankalembapo Loweruka lililonse osauza munthu zimene akulemba. Tsopano ankangoiyang'ana, kenako n'kuyang'ana mwana wawo.

Monita yake inali itapsa. Mayiyo anabwereka yatsopano yopyapyala, koma munangoti bii. Anapeza yakale yachimsana, ndipo munatuluka mizere yokhayokha, yopendekeka, yothamanga osaima. Okonza makompyuta atatu anamuuza kuti akataye chitsulocho, mmodzi mpaka anafunsa ngati chimayendera makala.

Koma mwana wa kalaliki anali waliuma. Anasenza zonse kupita kwa a Mawaya, mkulu wokonza ma TV, amene anayang'ana mizereyo nthawi yaitali.

“Mwana wanga, chakufa sichithamanga chonchi,” anatero. “Khadi lotumiza zithunzi likuyenda liwiro lake, monita liwiro lakenso. Uzigwirizanitse.”

Kunena n'kosavuta. Zinamutengera miyezi inayi, m'mawa masokosi, masana kwa a Mawaya. Anaphunzira kupima waya uliwonse wa m'pulagi ndi kusintha tiswichi ta pakhadi. Anadziwotcha zala. Kawiri konse analira.

Tsiku lina anapeza kawaya koduka, kamene kamauza monita poyambira mzere. Anakawotcherera, n'kupita kukalumikiza zonse pamaso pa bambo ake. Anapotokola pang'onopang'ono kabatani kakumbuyo. Mizere ija inachepetsa liwiro, inanjenjemera, kenako inangoti njii. Zilembo zinaoneka.

Anali makalata a bambo ake olembera iyeyo. Anawerenga yomaliza mokweza: “Lero ndakukalipira chifukwa cha mayeso. Pakamwa panga m'poipa. Inetu mayeso a ukalaliki ndinalephera katatu, manyazi ndiwo anandiletsa kukuuza. Ukalembenso.”

Bambo ake anamugwira pamkono ndi dzanja lawo limodzi limene linatsala lamoyo, osamusiya.

Mayiyo analembanso mayeso aja, n'kukhoza. Lero ali ndi shopu yake, ndipo eni makina akale osindikizira ndi opetera nsalu amamufunafuna monita zikayamba misala. Bambo ake sanalankhulenso mpaka pano, ndipo mawu awo amawasowabe tsiku ndi tsiku.

Nanunso anthu atatu akakuuzani kuti zanu zatha, pitani kwa wachinayi. Musataye mtima, lembaninso.