Mawindo Awiri a Dobrivoje

Dobrivoje anayendetsa basi mu mzinda wa Niš zaka makumi atatu, ndipo panalibe wokwera amene sanalawe lilime lake. Mkazi wake atamwalira, anatsala m'nyumba ya pansanjika yachisanu ndi khoswe woweta dzina lake Sivko. Khola anamupangira yekha ndi waya, makwerero ndi mapulanga, pogona n'kumuyalira sokosi yaubweya ya malemuwo. Chakudya sichinali chamasewera: tirigu, kaloti, kachidutswa ka apulo, dzira Lamlungu basi. Koma lamulo lalikulu linali la mawindo. Khoswe satuluka thukuta, kutentha kumamupha, choncho m'chilimwe mawindo onse awiri ankakhala yasa.

Mu Ogasiti, kunja kukuotcha ngati moto, Dobrivoje anamugoneka m'chipatala masiku atatu kuti amuchite opaleshoni. Makiyi anasiyira mlongo wake wamkulu, Milunka. Apa ndiye panalakwika. Milunka, monga amayi onse a pamdadadapo, ankaopa mphepo yolowera windo ili kutulukira linalo kuposa njoka. Msana wake, mano ake, ngakhale imfa ya mwamuna wake, mlandu wonse unali wa mphepoyo.

"Achemwali, mawindo musatseke. Mwamva?"

"Ndamva. Ukundiyesa mwana?"

Tsiku lotuluka anakwera masitepe atagwira pabala. Atatsegula chitseko, mpweya wotentha ngati wa mu uvuni unamumenya kumaso. Mawindo otseka, makatani otseka, thaulo atatsekera kunsi kwa chitseko. Khola lofunditsidwa bulangete. Pansi pa bulangetelo Sivko anali gone chammbali, atauma kale, pambali pake nyama yankhumba yamafuta itasungunuka m'mbale.

"Kanayetsemula kawiri," anatero Milunka ali pakhomo la khitchini. "Ndiye ukanafuna ndikasiye pamphepo?"

"Mwamuphika, achemwali. Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani. Chimodzi!"

"Usandikalipire, Dobrivoje. Ndinakasamala ngati mwana."

Zoona, anakasamala, ndipo n'zimene zinamupsetsa mtima kwambiri Dobrivoje. Munthu wankhanza umamuthamangitsa. Nanga wokupha ndi chikondi umamutani?

Anakankha mawindo onse awiri mpaka galasi linalira, navula shati, n'kuima pakati penipeni pamene mphepo imadutsa. Anakulunga Sivko m'sokosi ya mkazi wake. Kumbuyo kwake anamva Milunka akufwenthera. Kenako anamva windo likutsekedwa pang'onopang'ono, kuti iye, Dobrivoje, asadwale.