Amayi Nelesi Mbewe, Mlendo wa Oyembekeza Mlandu

Amayi Nelesi Mbewe, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, ambiri pa parishi ino tinkangowadziwa ngati mayi wa pa benchi yakumbuyo, wonunkha mankhwala a mphere. Ndi ochepa amene anafunsako kumene ankalitenga fungolo.

Anabadwira ku Katete mu 1951, ndipo makolo awo anasamukira kuno ku Chongwe kudzafuna minda iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabatizidwa ku mishoni ya Kasisi. Sukulu analekeza giredi folo chifukwa mayi awo anadwala miyendo, ndipo panalibe wina wotunga madzi ndi kulera ang'ono awo. Mu 1972 anakwatiwa ndi a Ezron Mbewe, mlimi wofatsa amene ankagulitsa mkaka pa njinga cha ku Palabana. Mulungu anawapatsa ana asanu.

Mu 1996 ng'ombe zinayi zinabedwa pa famu ina yoyandikana nawo. Apolisi atafika anapeza a Ezron akuyanika chikopa cha ng'ombe yawo imene inafa ndi matenda. Sanafune kumva zambiri. Wapolisi wina dzina lake Norbert anawamenya ndi chitsulo kuphazi, mayi Nelesi akuona, kenaka anawaponya m'galimoto. Patapita sabata anawatumiza ku ndende ya m'tauni kukayembekeza mlandu.

Tsiku loyamba kukawaona, mayi Nelesi anayamba kumva fungo asanaone munthu. M'chipinda chomangidwira anthu makumi awiri munali anthu oposa zana. Ankagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, pafupi ndi ndowa imodzi yodzithandiziramo, yosefukira. A Ezron anatuluka akudzikanda mpaka magazi, nsabwe zikuyenda m'kolala ya malaya. Anauza akazi awo kuti asadandaule, woweruza akangomva za chikopacho awamasula.

Woweruzayo sanamve konse. Mwezi uno ankati galimoto yonyamula akaidi, ija timaitcha kasalanga, ilibe mafuta. Mwezi winawo mboni sinabwere. Kenaka woweruza anapita kutchuthi, ndipo pomaliza anati mapepala a mlandu asowa. Kuno kwathu nako sitinachite bwino. Ku mphakati, kumene timapempherera pamodzi, ena anasiya kuwapatsa moni mayi Nelesi, ndipo pa chitsime ankawatcha mkazi wa kawalala, kutanthauza mbava. A Ezron anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1999, atakhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi inayi osaweruzidwa. Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata yowadziwitsa kuti boma lawuchotsa mlanduwo, ndipo a Ezron ndi omasuka kupita kwawo.

Mwana wawo wamkazi Towela ndi amene anawawerengera kalatayo. Akuti mayi Nelesi anangolavulira pansi. Lachinayi lotsatira anakwera minibasi kubwerera ku ndende komweko. Towela atawafunsa kuti akukaona ndani, anayankha kuti, "Atate ako anachoka, koma anzao asala. Ena alibe na munthu wowaitana dzina pa geti."

Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa makumi awiri, Lachinayi linali la akaidi. Ankanyamula sopo, mankhwala a mphere, kapenta ndi mtedza wokazinga wa m'munda mwawo. Alonda ena ankapisa manja m'chakudyacho n'kutapako zabwino, iwo akuyang'ana. Poti kuwerenga kunkawavuta, maina a akaidi ndi masiku awo a khoti ankawasunga pamtima, ndipo ankawatchula m'mawa uliwonse akamapemphera kolona. Ankakhalanso pa benchi ya khoti mpaka alembi atatopa nawo n'kuyamba kufufuza mapepala otayika. Mlembi wina atawakalipira kuti iwo si loya, anamuyankha mofatsa kuti, "Ngati munthu analakwa, muweruzeni. Ngati sanalakwe, mumasuleni. Manje kumusiya aole monga dzungu, nindani anakupasani mphamvu iyo?"

Chiyeso chawo chachikulu chinabwera mu 2011. Akugawa mankhwala, anaona mkaidi wina atatsamira khoma, miyendo itatupa, ntchentche zikuzungulira zilonda zake. Anali Norbert. Anali atachotsedwa ntchito n'kumangidwa chifukwa munthu wina anafera m'manja mwake, ndipo akaidi anzake, podziwa kuti anali wapolisi, ankamugoneka pafupi ndi ndowa. Mayi Nelesi anatuluka msanga n'kubwerera kwawo.

Masabata awiri sanapite ku ndende. Anauza wansembe kuti mtima wawo unakondwa ataona zilondazo, ndipo kukondwako kunawanyansa kuposa fungo la m'chipinda muja. Sabata yachitatu anapempha chilolezo, anatenga beseni ndi madzi amchere, n'kugwada kutsuka miyendo ya Norbert. Iye anawayang'ana n'kuwafunsa.

"Amai, munidziwa ine?"

"Nikudziwa."

"Nanga muchitira chani ivi?"

"Sinabwere chifukwa nikukonda, iyayi," anatero akufinya nsalu. "Uzafa monga anafera amuna anga, ndipo imfa ija siyenera ngakhale galu."

Anauyendera mlandu wa Norbert monga ankayendera ya ena onse. Utatha anamulamula kukhala m'ndende zaka khumi. Anthu ena ankaganiza kuti mayi Nelesi adandaula, ena kuti asangalala, koma iwo anangoti tsopano munthuyo akudziwa chimene akukhalira m'ndende ndiponso tsiku limene adzatuluke, zimene a Ezron sanazidziwe.

Atakalamba, mapuloti omangapo nyumba a ku Silverest anali atafika pafupi ndi munda wawo, ndipo mawondo anayamba kukana masitepe a minibasi. Ankapitabe, atagwira ndodo ndi mkono wa Towela. Chaka chino anagona pa mphasa milungu itatu. M'mawa wa tsiku lomaliza analandira sakramenti la odwala, anamwa tiyi pang'ono, n'kuitana Towela. Anamuuza za mayi wina wotchedwa Lushomo, amene wakhala zaka zinayi akuyembekeza mlandu pamodzi ndi mwana wobadwira m'ndende momwemo, ndipo tsiku lake la khoti linali pa 14. Atatero anatseka maso ngati munthu wotopa ndi ulendo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atapita.

Pa maliro panabwera amuna ndi akazi oposa makumi atatu amene sitinawadziwe. Zitamveka kuti ndi anthu otuluka m'ndende, ena mwa ife tinakumbatira zikwama zathu m'tchalitchi momwemo, pamaso pa bokosi la mayi Nelesi. Alendowo anaona zimenezi. Ndi iwo amene ananyamula bokosilo mpaka kumanda.

Pa 14 Towela anapita ku khoti yekha. Anadikira kuyambira m'mawa mpaka masana, kenaka mlembi anatuluka n'kunena kuti mlandu wa Lushomo aukankhira mwezi wamawa. Towela anafunsa tsiku, analilemba pa dzanja, n'kupita kukakwera minibasi. Akuti adzapitanso, ndipo akufunsa ngati pa parishi yonseyi pali wina woti adzamuperekeze.

Ambuye awalandire mayi Nelesi kumene mlandu wa munthu sukankhidwira mawa, ndipo ause mumtendere.