Ndinatsitsa bokosi la zida kuti ndikweze feteleza

Inu owerenga, ine ndine makaniko, ndipo manyazi amene ndinadziputira chifukwa chofuna kuoneka munthu kwa apongozi sanandichokebe. Ndikuuzeni kuti wina asadzachite zopusa ngati zanga.

Ndimagwira ntchito pa galaja ina ku Limbe. Abwana anga, bambo wachikulire amene anandiphunzitsa kugwira sipanala, ankakonda mpikisano wa magalimoto wa m'misewu yafumbi. Chaka chimenecho maso anali atayamba kuwavuta, ndiye ananena kuti uwu ndi womaliza, angofuna aumalize bwino. Ntchito yanga inali kulongedza zida ndi masipeya mu pikapu, n'kumawadikira m'malo amene tinagwirizana.

Nditamva kuti msewu udutsa kufupi ndi Magomero, mtima unadumpha. Kumeneko ndiye kwawo kwa mkazi wanga, ndipo abale ake ankandinena kuti ndine mkamwini wosadziwa khasu, wobwera chimanjamanja. Ndinati chaka chino andiona! Ndinagula matumba a feteleza, shuga ndi chitenje cha apongozi. Koma pikapu inali itadzaza kale: matayala, jeke, mafuta, zingwe, ndi bokosi lalikulu lachitsulo. M'bokosimo munali rediyeta yapadera, ija imaziziritsa injini, mapaipi ake ndi zomangira. Mipikisano yonse yam'mbuyo sitinalitsegulepo. Ndinalitsitsa, n'kulikankhira kuseri kwa chitseko cha galaja, feteleza n'kukwera. Abwana atafunsa ngati zonse zalowa, ndinayankha kuti inde, maso ali gwa.

Tsikulo ankathamanga ngati mnyamata, moti anthu m'mbali mwa msewu ankangokuwa. Ine ndinali nditaima pa mphambano yapafupi ndi mudzi wa mkazi wanga, ndikudikira kuti adutse kenako ndikatule katundu. Foni inalira, anali abwana. Mwala unali utaboola rediyeta potsika kamtsinje, pansi pa mudzi womwewo. Abale, ndinaliza pikapu n'kuthamangira komweko.

Ndinawapeza atatsegula kale boneti, manja atapinda, mudzi wonse utawazungulira. Anati, “Tsitsa bokosi, mwana wanga, nthawi ikadalipo.” Ndinangoima. Anapita okha kukavundukula lona pa pikapu, n'kupeza feteleza. Anandiyang'ana.

Apongozi anali pomwepo. Mlamu wanga wina, wapakamwa ngati wailesi, anawerenga dzina la apongozi limene ndinalemba pa matumba n'kufuula kuti katundu ndi wawo. Mayi aja analiza nthungululu, n'kukagwada pamaso pa abwana, kuwathokoza kuti asamalira bwino mkamwini wawo mpaka kumulola kunyamula zakumudzi pa galimoto ya ntchito. Apo n'kuti magalimoto ena akudutsa, kutithira fumbi.

Inu, ndinkafuna nthaka ing'ambike. Abwana akanatha kundiyalutsa pomwepo, ndipo ndinali woyenera. M'malo mwake anawadzutsa apongozi mwaulemu, nati palibe kanthu mayi, kenako anagwira thumba mbali imodzi n'kundiuza kuti ndigwire inayo. Tinatsitsa tonse feteleza uja, iwo atavalabe chipewa cha mpikisano.

Tinabwerera ku Limbe ndikuwakoka ndi chingwe. Sanandichotse ntchito, sanandikalipire, ndipo sanathamangenso. Galimoto ija ili kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikiramo mazira. Bokosi ndinalipeza pomwe ndinalisiya, ndipo ndimalidutsa tsiku lililonse.

Kumudzi tsopano ndine mkamwini wolemekezeka. Chimanga chinabereka kwambiri, ndipo apongozi anatumiza thumba loti ndikapatse abwana. Ndinalinyamula, anthuni, ndipo abwana anati ndikawathokoze apongozi.

Ndiye inu amene mwapatsidwa katundu wa ntchito kuti mulongedze, musachotsepo kanthu poganiza kuti sikagwira ntchito lero. Ngati mukufuna malo a zanu, pemphani, akakana mukwere nazo minibasi. Ine ulemu wa kwa apongozi ndinaupeza, koma mpaka lero sinditha kuwayang'ana m'maso bambo amene amanditchabe mwana wawo.