Mfuti ya M'buku la Nyimbo

Amuna anga sankamwa mowa, sankasuta, za akazi sindinamvepo. Matenda awo anali mfuti. Tili ku Nkope, kumene ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale, anali ndi tsamba lomwe anang'amba m'kabuku ka malonda, ndipo ankalisunga m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Patsambapo panali chithunzi cha mfuti ya mipope iwiri.

Abale inu, ndinatopa nayo mfuti imeneyo ndisanaione n'komwe! Ine ndikusenda chinangwa, iwo ali pambali: "Taonani mayi, mtengo wake wapaphewawu, kusalala ngati mpini wakale. Imathyoka pakati, mumaika zipolopolo ziwiri, n'kutseka, kha! Si gogodela ayi, woti uzithira wonga uku nyani akukuseka." Ine ndinkangoti, "Ndiye kawaombereni ndi pepala lanulo anyaniwo." Ankaseka mpaka misozi. N'zoona anyani a m'phiri ankatithera chimanga chaka ndi chaka, koma ndisaname, iwo ankaifunira kukongola kwake basi.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo dera lathu la Mangochi akuluakulu ankaliyang'ana ndi diso loipa, ati kunkabisala zigawenga. Munthu wanzeru mawu oti mfuti ankangowameza. Ndinawauza. Ndinawauza ndithu, mpaka kugwada: "Bambo, taonani ana atatuwa. Zisiyeni izi." Iwo ati sakuba, sakubisa kanthu, akapempha laisensi poyera monga mwa lamulo.

Kalata yopempha laisensi anthu ena ankalemba mizere itatu: anyani akundivutitsa, ndithandizeni. Aphunzitsi angawo analemba masamba anayi. Anandiwerengera pakhonde uku akunditanthauzira, monyadira ngati akuwerenga mawu Lamulungu. Analongosola kutalika kwa pomwe mfutiyo imafika, kuti munthu amaombera kawiri osapumira, kuti imagawika zidutswa ziwiri n'kukwana m'thumba la ufa poyenda panjinga. Za anyani anazikumbukira kumapeto kwenikweni. Ndinafuna kuwaletsa, koma poona nkhope yawo ili ngwee, ndinangoti, "Chingelezi chabwino." Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Kalatayo anakaipereka okha kuofesi ku boma. Mwezi usanathe, galimoto inaima pasukulu dzuwa lili paliwombo, ndipo amuna awiri ovala majekete anawatulutsa m'kalasi choko chili m'manja. Kunyumba anafukula paliponse, ndi m'nkhokwe momwe, kufuna mfuti imene sitinaigwirepo. Buku la nyimbo sanalitsegule. M'nyumba ya sukulu anatitulutsa sabata yomweyo, anzanga akutchalitchi n'kumandilambalala pachitsime ngati ndili ndi mphere. Ndinakakhala ndi anawo kwa mayi wina wachisilamu wogulitsa usipa, amene sanandifunse kalikonse.

Zinatha zaka zinayi. Kukhoti sanapiteko, ndipo kumene anali ndinkangomvera m'manong'onong'o. Mtima ukandipsa ndinkatulutsa tsamba lija kuti ndiliotche, n'kumalitukwana ngati mkazi mnzanga, koma mapeto ake ndinkalibwezera momwemo. Ndinkati akadzabwera adzalifuna, ndipo ndikadzawamva akuyamba zawo zija za mipope iwiri, ndidzadziwa kuti amuna anga abweradi. China choti ndigwire ndinalibe.

Anabwera ataonda, mano akutsogolo atatha, akuyankhula motsitsa ngati m'nyumba muli wodwala. Ankadya, ankagona, koma kuseka ayi. Ndinadikira mwezi wathunthu. Tsiku lina masana, ana atapita kunyanja, ndinawaikira tsambalo pamwendo.

"Nayu mkazi wanu wamng'ono uja," ndinatero, kuyesa nthabwala. "Ndinakusungirani."

Analiyang'ana kamodzi kokha. Kenaka anadzambatuka, tsamba n'kugwa pansi. Manja anaika kumbuyo, maso ali kukhoma.

"Bwana, mfuti sindiidziwa ine," anatero. "Sindinaionepo, bwana."

"Ndine, bambo. Ndine mkazi wanu."

"Sindinaionepo, bwana."

Mayo ine! Ndinatola tsambalo n'kukaliponya pamoto kukhitchini, ndipo ndinaima pomwepo mpaka linapsa lonse. Pobwerera ndinawapeza ali chiimire, manja akadali kumbuyo, akudikira kuti wina awauze kukhala pansi.