Mizere Iwiri ya Chinangwa

Kusukulu aphunzitsi ankavutika kutifotokozera tanthauzo la kulanda dziko, koma ine ndinali nditaziona kale kumunda kwathu ku Liwaladzi. Ndinakulira kwa agogo makolo anga atamwalira, ndipo chakudya chathu chonse chinkachokera m'munda umodzi wa chinangwa. Woyandikana nafe munda anali tcheyamani wa chipani m'mudzimo. Chaka china anazula khonje wa m'malire n'kumubzala mkati mwathu, mizere iwiri n'kukhala yake.

"Si kulanda kumeneku, mayi," anatero kwa agogo. "Ndangophatikiza."

Masiku amenewo tcheyamani sankatsutsidwa. Agogo anangoti, "Zikomo, bambo. Muzipalira bwino."

Anapaliradi chaka chonse, mbuzi zathu zikayandikira n'kumazigenda. Koma akapita kumsonkhano wa chipani, agogo ankafukula m'mbali mwa mizere ija, kuthyola chinangwa, n'kukwiriranso bwinobwino, mitengo ili chiimire. Ine ndinkangoona, nsima ya kondowole ya chinangwacho n'kumadya osafunsa.

Tsiku lozula, tcheyamani anabwera ndi madengu anayi, koma anazula timizu tokhatokha. Anawayang'ana agogo nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu.

"Nthaka yanuyi ndi yosabereka, mayi. Itengeni, yandithera mphamvu."